Kamera nambala 11: lipoti la ntchito ya pa weyahausi ina ku Makata

Ntchito yanga ndi yoika makamera a CCTV ndi kuyala netiweki m'maofesi, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu muno mu Blantyre. Lipotili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, komanso eni mabizinesi amene amati akasintha pasiwedi ndiye kuti za chitetezo zatha. Eni malowo anandilola kulemba, bola dzina la kampani yawo lisatuluke. Mtundu wa makamera awo sinditchulanso, ndipo kutchulako sikungathandize kwenikweni, chifukwa makamera otchipa ambiri amangosiyana chikuto ndi dzina la pa katoni. Mukawatsegula mumapeza bolodi imodzimodzi.

Dandaulo

Malowo ndi weyahausi ya katundu wa holoselo ku Makata: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira. Panali makamera 16, khumi ndi awiri mkati, anayi panja pa mpanda. Onse ankatumiza kanema ku NVR, bokosi lojambulira lija, limene linali pamwamba pa kabati mu ofesi ya abwana. Anaika ndi munthu wina zaka zingapo m'mbuyomo, osati ine.

Abwana anandiimbira Lolemba m'mawa ali ndi madandaulo awiri, ndipo iwo ankaona ngati ndi nkhani imodzi. Intaneti ya pa ofesi inali itayamba kukwawa ngati nkhono, data ikutha mwezi usanafike pakati. Kenako powerenga katundu Loweruka anapeza kuti makatoni a mafuta ophikira asowa, ochuluka oti munthu sangasenze pamutu. Atabweza kanema wa usiku wa Lachinayi anapeza kuti makamera atatu a kuseri alibe chilichonse kwa mphindi pafupifupi 50. Sunali mdima, sichinali chithunzi chosaoneka bwino. Kanemayo anangolumpha, ngati tsamba lothotholedwa m'kope.

Alonda a usiku, bambo achikulire a ku Ndirande amene agwira pamalopo kwa nthawi yaitali, anali atauzidwa kale kuti akhale kaye kunyumba.

"Achimwene, ndani winanso?" anatero abwana. "Usiku umenewo panali madalawo basi. Anazula mawaya. Pasiwedi timaidziwa ine ndi mwana wanga, ndipo ndinasintha ndekha. Si ija ya 12345 ayi."

Anandilembera pa kapepala. Inali pasiwedi yabwinodi, yaitali, ya zilembo zosakaniza, yoposa ya makasitomala anga ambiri.

Vuto loyamba, losavuta

Nkhani ya data inanditengera ola limodzi. Amene anaika makamerawo ankafuna kuti abwana azionera pa foni ali kunyumba ku Namiwawa, ndipo njira yachidule imene anasankha inali kuika NVR mu DMZ ya rauta. Kunena mwa Chichewa, anauza rauta kuti aliyense wogogoda kuchokera ku intaneti, pa khomo lililonse, amulozere ku bokosi lojambulira. Bokosilo linali ndi Telnet yotsegula, yokhala ndi dzina ndi pasiwedi ya ku fakitale, imene sioneka pa menyu ndipo mwini bokosi sangaisinthe. Pasiwedi imene abwana anasintha inali ya khomo la kumaso. Ili linali khomo la kuseri, ndipo iwo sankadziwa n'komwe kuti lilipo.

Nditayang'ana zotuluka pa rauta ndinaona bokosilo likugogoda pa makomo 23 ndi 2323 a maadiresi osawerengeka padziko lonse. Khalidwe limeneli ndi la banja la Mirai, pulogalamu yoipa yogwira zipangizo za pa intaneti. Mirai inadziwika mu 2016. Inkayenda ndi mndandanda wa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60, n'kumayesa pa makamera, ma DVR ndi marauta. Zipangizo zimene yagwira inkazisonkhanitsa kukhala gulu lothira nkhondo pa makompyuta a ena. Pa 21 Okutobala chaka chimenecho gululi linapanikiza kampani ya Dyn ku America, imene inkalozera makompyuta ku maadiresi a mawebusaiti, ndipo anthu ambiri analephera kufika pa Twitter, Netflix ndi Reddit. Kampani ya Xiongmai ya ku Hangzhou, imene mabolodi ake anali m'makamera ambiri ogwidwawo, inalengeza zoitanitsanso zina mwa zipangizo zake. Mapulani a Mirai anatayidwa poyera chaka chomwecho, ndiye lero kuli ana ndi adzukulu ake osawerengeka.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti pulogalamu za mtunduwu zimakhala mu memory yokha. Bokosi likazima, zimafa. Choncho magetsi akathima, NVR inkachira yokha, ndipo akayaka inkadwalanso tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ogwira ntchito mu ofesi ankati intanetiyo ili ndi masiku ake.

Ndinachotsa DMZ, ndinazimitsa UPnP, njira imene zipangizo zimadzitsegulira zokha makomo pa rauta, data inasiya kutha. Koma ndinawauza abwana pomwepo kuti izi sizikukhudzana ndi mafuta awo. Mirai ilibe nazo ntchito za makatoni a ku Makata, ndipo sisankha makamera atatu n'kusiya khumi ndi atatu.

Mphindi 50 zija

Apa ndi pamene panali ntchito. Mbiri ya zochitika ya mu NVR inalipo, koma inali yosokonekera, chifukwa kabatire ka CR2032 kosunga nthawi kanali katafa kalekale. Magetsi akabwera bokosilo linkadzuka likuganiza kuti ndi 1 Januwale 1970, mpaka litapeza nthawi pa intaneti. Ndinakhala masana onse ndikulumikiza mizere ya mu NVR ndi ya mu rauta, imene inali pa inveta ndipo siinazime. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zitalumikizana, nkhani inaoneka motere. Itangokwana 1 koloko usiku, kamera nambala 11, ya pa mpanda wa kuseri, inasowa pa netiweki. Patapita mphindi ziwiri rauta inapereka adiresi kwa chipangizo chachilendo, laputopu imene sinaonekepo pa netiwekiyo. Kuchokera pa adiresi imeneyo wina analowa mu NVR ngati admin, kamodzi kokha, osaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Anaimitsa kujambula kwa makamera 9, 11 ndi 12. Atamaliza zake anayatsanso, laputopu inachoka, kamera 11 inabwerera.

Munthuyo sanathyole chilichonse. Anakwera pa mpanda, anazula chingwe cha netiweki ku kamera, anachilowetsa mu laputopu yake. Makamera onse, makompyuta a mu ofesi ndi NVR zinali pa switch imodzi yosasankha, bokosi limene zingwe zonse za netiweki zimakumana, ndiye chingwe cha pa mpandacho chinali chimodzimodzi ndi mpando wa mu ofesi ya abwana. Pamalopo ndinapeza kabokosi ka pulasitiki kobisa malumikizidwe kali ndi masikuluwu awiri m'malo mwa anayi, ndipo utoto wa pa khoma unali utakalika pamene panatsamira makwerero.

Funso linatsala la pasiwedi. Ndinapempha kuti ndikaonane ndi alonda aja. Tinakumana pa msika wa Ndirande, tinakhala pa benchi ya wogulitsa tiyi. Anandiuza kuti usikuwo kunagwa chimvula, ndipo m'kanyumba kawo ka pa geti ya kumaso, mvula ikamamenya malata, ngakhale lole italowa kuseri sangaimve. Kenako ananena chinthu chimene palibe anali atawafunsa.

"Komatu bwana, kamera ya kuseriyo inachokapo mwezi watha. Kunabwera anyamata awiri masana, ovala malifulekita, ali ndi makwerero awo. Anati yapsa ndi mphezi, akukaikonza. Inabwera patapita masiku awiri."

"Abambo, munawauza abwana?"

"Ine ndimalowa 5 koloko. Ndinawapeza akutsitsa, anthu a masana akuwaona. Ndinkayesa atumidwa."

Abwana sanatume aliyense. A mu ofesi ankayesa atumidwa ndi mwana wa abwana, mwanayo ankayesa ndi bambo ake. Lifulekita ndi makwerero zimatsegula mageti ambiri mu Blantyre muno kuposa kalata.

Pa tebulo langa

Ndinatsitsa kamera 11 n'kupita nayo kwanga. Kachidindo ka pepala ka pa sikuluwu kanali kong'ambika. Mkati munali bolodi yaing'ono kuposa chikhatho cha mwana: purosesa pakati, pambali pake katchipi kakuda ka miyendo 8 kosunga firmware, pulogalamu imene imayendetsa kamerayo, ndipo m'mphepete timadontho tinayi ta mkuwa. Timadonthoti ndi UART, polowera amisiri a ku fakitale poyesa bolodi. Pa tiwiri mwa ito panali mtovu watsopano, wowala, wosiyana ndi wina wonse wa pa bolodipo. Wina anawotchererapo mawaya, n'kuwachotsa.

Sindinafune kuononga umboni, ndiye ndinaijambula n'kuiika mu envelopu. Zoyesa zanga ndinachitira pa kamera nambala 4 ya mkati, ya mtundu womwewo. Nditalumikiza mawaya atatu ku laputopu n'kuyatsa, kamerayo inayamba kundiuza mbiri yake yonse, mapulogalamu ake onse monga U-Boot, Linux ndi BusyBox, ndipo inandilola kuimitsa kudzuka kwake popanda kundifunsa kuti ndine yani. Njira yachiwiri inali yosavuta kuposa pamenepa. Ndinapana katchipi ka miyendo 8 kaja ndi chopanira cholumikiza ku CH341A, kachipangizo kotchipa kamene okonza mafoni ndi malaputopu ambiri ku Limbe ali nako, ndipo ma MB 16 onse anatsikira mu laputopu ndisanamalize kapu ya tiyi. Munalibe chobisika. Mu fayilo ina ya zokonzera munali pasiwedi ija ya pa kapepala ka abwana, itangosokonezedwa pang'ono m'njira imene aliyense wokhala ndi firmware yomweyo angaibweze.

Anzanga ena amadabwa kuti bwanji kamera isunge pasiwedi moti n'kubwezeka. Chifukwa chake n'chakuti njira zina zimene NVR imadzidziwitsira kwa kamera zimafuna kuti kamerayo ikhale ndi pasiwedi yeniyeniyo, kapena chinthu chofanana nayo mphamvu, kuti iwerengere yankho. Ndiye iyenera kuibisa penapake, ndipo kiyi wobisira ayeneranso kukhala penapake. Mu kamera yotchipa, penapake pamenepo ndi mu katchipi komweko. Zili ngati kukhoma chitseko n'kupachika kiyi pa msomali wa pa chitseko chomwecho. Onjezanipo kuti ma NVR ambiri, mukamalumikiza kamera yatsopano, amaipatsa pasiwedi ya admin ya NVR yomweyo kuti ntchito iphweke. Pasiwedi yabwino ya abwana inali itakopedwa ka 16, ndipo makope anayi anali atapachikidwa panja pa mpanda, usana ndi usiku.

Ndinalemba zimene ndinapeza, ndinapereka kwa abwana pamodzi ndi envelopu ija ndi mizere ya mu rauta, iwo anapita nazo ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndiye apa panali milandu iwiri, osati wa mafuta wokha. Za amene anatsegula chitseko cha kuseri ndi za apolisi, si za mu lipoti lino.

Chitetezo cha m'chitsulo

Kamera ndi kompyuta, koma ndi kompyuta yokhayo pa kampani imene timaisiya panja pamene aliyense wa makwerero angaifike. Seva timaikhomera m'chipinda. Laputopu timapita nayo kunyumba. Kamera timaipachika pa mpanda moyang'anana ndi msewu, n'kumayembekezera kuti pasiwedi iiteteza. Pasiwedi imateteza kwa munthu wogogoda pa khomo. Kwa munthu amene wanyamula nyumba yonse n'kupita nayo kwawo, ilibe mphamvu. Mpofunika kuti chitetezo china chikhale m'chitsulo chenichenicho, pamene sikuludiraiva ndi chopanira sizingafike.

Chinthu choyamba ndi secure boot. Mu purosesa muli kapulogalamu kakang'ono kolembedwa pa nthawi yopanga tchipiyo, kosafufutika. Mulinso timafyuzi tamagetsi, ma eFuse, timene timaotchedwa kamodzi ku fakitale kuti tisunge chizindikiro cha kiyi wa kampani yopanga kamerayo. Kamera ikayaka, kapulogalamu kaja kamayang'ana siginecha ya pulogalamu yotsatira kasanailole kuyenda. Yotsatirayo imayang'ananso ya inzake, mpaka zonse zitadzuka. Zili ngati kalata imene iyenera kukhala ndi chidindo cha amfumu pa ofesi iliyonse imene yafika. Wina akasintha ngakhale kadontho kamodzi mu firmware, chidindo sichigwirizana, kamera imakana kudzuka. Makamera abwino amawerenganso mu timafyuzi tija kuti afika pa firmware yachingati, kuti wina asawabwezere ku yakale imene ili ndi chidindo chenicheni koma ili ndi mabowo odziwika.

Chachiwiri, chimene chikanathetsa nkhani ya ku Makata, ndi tchipi yapadera yosunga makiyi, imene ena amaitcha secure element, ena amaika TPM. Aliyense wa ife ali nayo kale m'thumba. SIM khadi ili ndi kiyi wachinsinsi amene satuluka. Netiweki ya foni imatumiza nambala, SIM imawerengera mkati mwake ndi kiyi uja, n'kubweza yankho lokha. Khadi la ku banki la tchipi limachita chimodzimodzi. Mu kamera, tchipi yotere imapanga kiyi mkati mwake n'kumusunga momwemo, ndipo inapangidwa kuti ikhale yovuta kwambiri kuisenda kapena kuimvetsera ndi zida. Zonse za mu katchipi ka miyendo 8 kaja zimabisidwa ndi kiyi amene tchipiyi ikusunga. Mukapana n'kukopera, mumapeza zinyalala. TPM si chinthu chachilendo: TPM 2.0 inakhala muyezo wa ISO/IEC 11889 mu 2015, ndipo ambiri tinaidziwa mu 2021 pamene Windows 11 inakana kulowa m'makompyuta opanda iyo. Kwa opanga makamera, Bosch akhala akuika TPM m'makamera awo, ndipo Axis zawo amazitcha Edge Vault.

Kiyi wosatuluka uja amapatsa kamera chiphaso chakechake, monga chiphaso cha unzika. Muyezo wake ndi IEEE 802.1AR, wa mu 2009. Chiphasochi chikakumana ndi switch yodziwa IEEE 802.1X, port iliyonse, polowetsa chingwe paja, imakhala yotseka mpaka cholumikizidwacho chitatsimikiza kuti ndi ndani. Mukazula chingwe ku kamera n'kulowetsa mu laputopu, switch imafunsa chiphaso, laputopu ilibe, port imakhala chete. Kukopera adiresi ya MAC ya kamera, nambala imene imadziwika nayo pa netiweki, sikuthandiza, chifukwa chofunika ndi siginecha imene ndi tchipi ija yokha ingalembe. Makamera ena amasainanso kanema weniweniyo akamatuluka, moti pa mlandu mutha kuonetsa kuti kanemayu anachokera mu kamera iyi ndipo sanadulidwe.

Kukambirana mtengo

Nditawauza abwana mtengo wa makamera 16 otere, anaseka. Sindinawadabwe. Kamera imodzi ya mtunduwu imagula makamera otchipa angapo, iyenera kuitanitsidwa kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chofuna ndalama zakunja chimawawa kawiri: pa mtengo ndi pa kudikira.

"Mafuta anabedwawo sakufika n'komwe pamenepo," anatero.

Ankanena zoona, ndipo ine sindikhulupirira zokakamiza kasitomala kugula chilichonse chimene chili m'kabuku ka wogulitsa. Tinagwirizana kuti ndalama ipite kumene manja angafike. Makamera anayi a panja tinasintha ndi okhala ndi secure boot ndi tchipi yosunga makiyi. Khumi ndi awiri a mkati, amene ali m'mwamba pansi pa denga m'nyumba yokhomedwa, tinawasiya, koma tinawatsekera mu VLAN, kachigawo ka netiweki kawokawo: satha kuona intaneti, satha kuona makompyuta a mu ofesi, amangoyankhula ndi chojambulira basi. Iliyonse inalandira pasiwedi yakeyake, yosiyana ndi ya NVR. NVR yakale ija, ya khomo losatsekeka, inachoka. Tinagula switch yodziwa 802.1X. Abwana tsopano amaonera pa foni kudzera mu VPN, njira yobisika yolowera mu netiweki ya pa ofesi ali kutali, palibe khomo lotsegukira ku intaneti. Zingwe za pa mpanda zinalowa m'mapaipi achitsulo.

Pogula makamera anayiwo ndinavutika ndi ogulitsa. Pafupifupi katoni iliyonse masiku ano imalembedwa kuti kamera ili ndi encryption, kutanthauza kubisa uthenga ndi kiyi, ndipo mawu amenewo paokha sanena kanthu. Kamera 11 nayonso ikanatha kunena choncho. Funso langa linali limodzi: kiyi amakhala kuti? Wogulitsa akayamba kundiuza za mamegapikiselo, ndinkadziwa kuti yankho palibe. Ndinkafuna pepala la wopanga lotchula tchipiyo ndi chiphaso chake, kaya FIPS 140-2, FIPS 140-3 kapena Common Criteria, komanso lonena kuti adzatulutsa firmware yatsopano mpaka chaka chanji. Kunja malamulo ayamba kuwakakamiza. Muyezo wa ETSI EN 303 645 wa mu 2020 umayamba ndi kuletsa pasiwedi imodzi ya ku fakitale pa zipangizo zonse. Ku Britain lamulo loletsa mapasiwedi otere linayamba kugwira ntchito pa 29 Epulo 2024, ndipo ku European Union mbali zikuluzikulu za Cyber Resilience Act zidzayamba mu Disembala 2027. Mantha anga ndi akuti katundu amene akanidwa kumeneko sadzatayidwa kudzala. Adzafuna misika ina, ndipo mashelefu a ku Limbe ndi umodzi mwa misikayo.

Kamera yoyamba itafika ndinaichita zomwe ndinachita nambala 4, abwana atavomera kuti chitsimikizo cha wogulitsa chikhoza kutha. Pa UART panatuluka mizere iwiri kenako zii. Zimene ndinakopera mu tchipi yosunga firmware zinali phala losawerengeka. Nditayesa kuipatsa firmware imene ndinasinthamo pang'ono, inaikana n'kupitiriza ndi yake.

Pamene ndinapunthwa ine

Walira mvula walira matope. Patangotha sabata tikuyenda bwino, magetsi anathima usiku wonse, mabatire a inveta anatha, ndipo m'mawa makamera anayi atsopano aja sanabwerere. Akale otchipa aja anadzuka onse bwinobwino. Abwana anandiimbira mawu ali m'mwamba, ndipo anali ndi chifukwa.

Cholakwa chinali changa. Kakompyuta kamene ndinaika kuti kaziyang'ana ziphaso za makamera m'malo mwa switch kanalibe batire losunga nthawi, ndipo kanadzuka kakuganiza kuti tili zaka zambiri m'mbuyo. Setifiketi iliyonse, chiphaso cha kamera chija, imakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Kwa kakompyutako, masetifiketi a makamerawo anali asanayambe kugwira ntchito, ndiye kanawakana onse monga mmene kakanakanira laputopu ya wakuba. Ine amene ndinakhala masana onse ndikudandaula za kabatire ka NVR yakale, ndinagwa m'dzenje lomwelo. Mabuku a opanga zinthuzi amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sathima, ndipo nkhani ya wotchi amaitchula mongodutsa. Kuno ndi nkhani yoyamba. Ndinaika wotchi ya batire, ndinakonza kuti rauta izipereka nthawi kwa zipangizo zonse za mkati, ndinapatsa switch ndi kakompyutako UPS yawoyawo, batire yogwirizira magetsi akathima. Kenako ndinachita zimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba: kuzimitsa main switch ya nyumba yonse katatu, n'kuona ngati zonse zikudzuka zokha popanda munthu kukhudza.

Pali zina zimene ndinawachenjeza abwana, ndipo ndikuchenjezanso anzanga. Kamera yotere ikaonongeka firmware kapena bolodi, m'bale wathu wa ku Limbe sangaidzutse pokopera tchipi ya inzake monga timachitira ndi zotchipa. Chomwe chikuletsa wakuba chikuletsanso mmisiri. Dzinja lathu ndi la mphezi, ndiye zotetezera mphezi pa zingwe za panja si zokongoletsa, ndipo ndi bwino kusunga kamera imodzi yapadera m'kabati. 802.1X nayonso ili ndi malire: munthu wodziwa akhoza kulowetsa kachipangizo pakati pa kamera ndi switch, kusiya kamera idzitsimikize, iye n'kukwera pamsana pake. Mankhwala ake ndi MACsec, imene imabisa zonse zoyenda pa chingwecho, koma switch imene tinakwanitsa ilibe. Tinatseka mpatawo ndi mapaipi achitsulo aja, ndi VLAN imene sifika patali, ndi uthenga umene umapita pa foni ya abwana ndi kulira m'kanyumba ka alonda kamera iliyonse ikasowa kwa masekondi ochepa.

Ndipo tchipi siteteza chimene munthu wapereka yekha. Mu Malichi 2021 anthu analowa mu makamera pafupifupi 150,000 a makasitomala a kampani ya Verkada ku America, a m'zipatala, m'ndende, m'masukulu ndi m'mafakitale. Sanatsegule kamera ngakhale imodzi. Anapeza dzina ndi pasiwedi ya akaunti yaikulu ya kampaniyo zili poyera pa intaneti. Nkhaniyi ndinawafotokozera abwana tsiku limene ndinaona kuti mwana wawo watumiza pasiwedi yatsopano ya NVR pa WhatsApp kwa msuweni wake, kuti naye aone mmene makamera atsopano akuonetsera bwino usiku. Tinasinthanso. Tsopano aliyense ali ndi akaunti yakeyake, ndipo ndi abwana okha angaimitse kujambula kapena kufufuta. Ndinawakumbutsanso kuti nkhope za antchito ndi makasitomala zimene akusunga ndi uthenga wokhudza anthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, imene MACRA ikuyang'anira. Kanema wa m'weyahausi akatuluka n'kumazungulira m'magulu a pa foni, funso lidzabwera kwa iwo.

Mmene zilili pano

Alonda aja anabwerera pa ntchito, ndipo abwana anawalipira masiku onse amene anakhala kunyumba. Pa geti pali kope tsopano. Aliyense wobwera kudzagwira kamera, chingwe kapena bokosi la magetsi amalemba dzina, ndipo mlonda amaimbira abwana asanamulole kudutsa. Makamera khumi ndi awiri akale aja tinapangana kuti tizisintha awiriawiri ndalama zikamapezeka, kuyambira ndi awiri a pafupi ndi chitseko chopakulira katundu, amene munthu ataima pa lole akhoza kuwafikira. Mpaka pano tasintha awiriwo basi.

Ulendo wanga womaliza ndinafika madzulo, nditavala lifulekita, makwerero ali pamwamba pa galimoto. Madala aja anatuluka m'kanyumba kawo ndi kope, anandipatsa moni, tinafunsana za kunyumba ndi za mitengo ya chimanga ku Ndirande. Kenako anandipatsa cholembera.

"Lembani apa, bwana. Ndiyambe ndaimba kaye."

Foni ya abwana inali yozima. Ndinadikira panja pa geti mphindi 40, kunja kukuda, mpaka anayatsa.